Salahuddin wa mu Kanema ndi Salahuddin wa m'Mabuku

M'chaka cha 2005 mtolankhani wa ku Britain, Robert Fisk, yemwe adakhala zaka zambiri ku Lebanon, adapita kukaonera filimu ya Kingdom of Heaven mumzinda wa Beirut. Chakumapeto kwa filimuyo Salahuddin, atalanda Jerusalem, apeza mtanda utagwera pansi, awerama, autola ndi kuuimika bwino pamalo pake. Fisk adalemba kuti pamenepo oonerera, omwe ambiri adali Asilamu, adaimirira ndi kuwomba m'manja.

Nafenso tidawombapo m'manja. Filimuyi idatipeza kuno kunyanja kudzera m'nyumba zoonetsera mavidiyo ndipo lero ili m'mafoni a anyamata athu. Tikatchula dzina la Salahuddin ku madrasa, ana ena amamwetulira ngati tatchula mnzawo, ndipo nkhope imene ili m'maganizo mwawo ndi ya Ghassan Massoud, katswiri wa zisudzo wa ku Syria yemwe adasewera mbaliyo. Palibe chodandaulitsa kuti ana athu akonde munthu ameneyu. Chotidetsa nkhawa n'chakuti amene akumukondayo adawumbidwa ndi Ridley Scott ndi mlembi wake William Monahan, pomwe munthu weniweni, amene alembi ake adamuona ndi maso ndi kulemba za iye, sitikumudziwa.

Mkangano pa filimuyi udayamba isadatuluke n'komwe. Jonathan Riley-Smith, pulofesa wa ku Cambridge wodziwika pa mbiri ya nkhondo za mtanda, adainyoza kuti ndi bodza lokometsera Asilamu, lomwe angasangalale nalo ndi anthu ngati Osama bin Laden. Khaled Abou El Fadl, katswiri wa malamulo a Chisilamu wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles, atawerenga zolemba za filimu yomweyo adachenjeza kuti iphunzitsa anthu kudana ndi Asilamu. Koma itamalizidwa, bungwe la Asilamu a ku America la CAIR lidaionera ndi kuiyamikira kuti sidakondere. Padali patangopita zaka zochepa chichitikireni za pa 11 September 2001, nkhondo ya ku Iraq ili mkati, ndipo aliyense adalowa m'nyumba ya kanema atanyamula mantha ake. Oonerera a ku Beirut adali atatopa ndi kuona Msilamu wa m'mafilimu a ku America ali wophulitsa mabomba, choncho ataona mfumu yachisilamu yodekha, yosunga lonjezo, mitima yawo idakhala pansi.

Nkhaniyo idayambira kutali. Mu 1095 Papa Urban II adaitana Akhristu a ku Ulaya, ali ku Clermont m'dziko la France, kuti akalande Jerusalem. Pa 15 July 1099 ankhondowo, omwe Aluya ankawatcha Afaranji, adalowa mumzindawo ndi kupha Asilamu ndi Ayuda ochuluka, ena atathawira m'bwalo la mzikiti wa Al-Aqsa. Alembi a Afaranji eni ake adalemba za mwazi umenewo monyadira. Chomwe timakonda kuchidumpha pofotokoza nkhaniyi ndi chakuti Jerusalem adagwa chifukwa Asilamu adali atagawikana: olamulira a Fatimid ku Egypt ndi akalonga a Seljuk ku Syria ankalimbana okhaokha, ndipo Qadhi al-Harawi atapita ku Baghdad kukalira pamaso pa Khalifa, anthu adagwetsa misozi koma gulu lankhondo silidanyamuke. Mzindawo udakhala m'manja mwa Afaranji zaka 88. Al-Aqsa, qibla yathu yoyamba, idasanduka likulu la asilikali achipembedzo otchedwa Templar.

Amene adayamba kukoka Asilamu kuti akhale pamodzi ndi Nuruddin Zangi, wolamulira Aleppo ndi Damascus, amene filimu simupatsa malo. Iyeyu adamanga madrasa ndi zipatala, ndipo cha m'ma 1168 adalamula amisiri a ku Aleppo kuti aseme mimbari ya mtengo yoti idzaikidwe mu Al-Aqsa, pomwe mzindawo udali usadalandidwe. Adamwalira mu 1174 mimbariyo idakali ku Aleppo. Salahuddin Yusuf bin Ayyub, Mkurdi wobadwira ku Tikrit, adakulira m'manja mwa Nuruddin ameneyu. Adakhala nduna yaikulu ku Egypt mu 1169, ndipo mu 1171 adathetsa ulamuliro wa Fatimid. Zaka zotsatirazo, kufika 1186, lupanga lake lidaloza kwambiri kwa Asilamu anzake kusiyana ndi kwa Afaranji: adatenga Damascus mu 1174, Aleppo mu 1183, kenako Mosul idagonjera. Mlembi Ibn al-Athir, yemwe mtima wake udali ndi banja la Zangi, sadamukhululukire kwenikweni pa zimenezi. Salahuddin adalawanso kugonja: mu 1177 pa Montgisard, Baldwin IV, mfumu yakhate ija imene filimu imaionetsa itabisa nkhope, adamuthamangitsa ali mnyamata wa zaka 16.

Pali zimene filimu idanena zoona. Reynald wa ku Châtillon, mwini linga la Kerak, adalidi munthu woswa mapangano. Adatumiza zombo pa Nyanja Yofiira zomwe zidaukira amalonda ndi anthu a pa ulendo wa Hajj, kenako adalanda mdipiti wa ngamila za amalonda pa nthawi ya mgwirizano wa mtendere. N'zoonanso kuti ludzu ndi limene lidagonjetsa Afaranji pa Hattin pa 4 July 1187, Mfumu Guy atatulutsa gulu lake pamalo a madzi n'kuliyendetsa m'dziko louma dzuwa likuswa mtengo. Ngakhale za kapu ya madzi ozizira zili m'mabuku: Salahuddin adapatsa Guy, Guy adapatsira Reynald, ndipo Salahuddin adanena poyera kuti si iye wamupatsa, popeza pa mwambo wa Aluya mkaidi amene wamwa madzi ako sungamuphe. Reynald adaphedwa ndi dzanja la Salahuddin mwini. Chimene filimu idasiya n'chakuti patapita masiku awiri akaidi a magulu a Templar ndi Hospitaller, pafupifupi 200, adadulidwa mitu, ndipo mlembi wa Salahuddin, Imaduddin al-Isfahani, yemwe adalipo, akuti ena mwa amene adapempha kugwira lupanga adali anthu ophunzira ndi Masufi.

Pa nkhani ya kugwa kwa Jerusalem ndi pamene filimu idapatuka kwambiri. Balian wa ku Ibelin sadali wosula zitsulo wochokera ku France. Adali mwana wa mfumu ya dera, wobadwira ku Palestine komweko, wokwatira Maria Komnene, mkazi wamasiye wa Mfumu Amalric. Adalowa mu Jerusalem ndi chilolezo cha Salahuddin kuti akatenge banja lake, atalumbira kuti agona usiku umodzi wokha; anthu atamukakamiza kuti atsogolere nkhondo adatumiza uthenga wopepesa, ndipo Salahuddin adamumvetsa, natumiza operekeza kuti atulutse mkazi wake ndi ana. Mzindawo udazingidwa pa 20 September. Linga litabowoka Balian adapempha mtendere, ndipo poyamba Salahuddin adakana, nati adzachitira Afaranji zomwe iwo adachita mu 1099. Ibn al-Athir ndi Imaduddin onse akusimba yankho la Balian: kuti ngati palibe chifundo, iwo adzapha akazi awo ndi ana awo, adzapha akaidi achisilamu zikwi zingapo omwe adali mumzindamo, adzagumula Qubbatus Sakhra ndi Al-Aqsa, kenako adzatuluka kudzamenya nkhondo ya anthu osayembekezera moyo. Salahuddin adaitana akuluakulu ake, adamva uphungu wawo, nasintha maganizo.

Mu filimu aliyense akutuluka mwaulere, koma m'mabuku mudali dipo: madinari 10 mwamuna, 5 mkazi, ndipo mwana zocheperapo. Balian adalipira madinari 30,000 kuwombola osauka 7,000. Al-Adil, mbale wake wa Salahuddin, adapempha akaidi 1,000 ngati gawo lake ndipo adawamasula nthawi yomweyo. Salahuddin adamasula okalamba ndipo adathandiza ndi chuma chake akazi amene amuna awo adafa kapena kugwidwa pa Hattin. Mkulu wa mpingo, Heraclius, adatuluka ndi katundu wa golide wa m'matchalitchi atalipira madinari 10 okha ngati wina aliyense. Aphungu adafuna kuti chumacho chilandidwe, koma Salahuddin adakana kuswa pangano. Komabe anthu pafupifupi 15,000 amene adalephera kulipira adatengedwa ukapolo. Ife a m'mbali mwa nyanja, amene agogo athu ku Nkhotakota ndi ku Mangochi adaona ndi maso tanthauzo la mawu akuti ukapolo, ena ali ogulitsa ena ali ogulitsidwa, sitingadutse chiwerengero chimenechi ngati sitidachione.

Za mtanda umene udaombetsa anthu m'manja ku Beirut, m'mabuku a nthawiyo mulibe. Chimene chidalembedwa n'chakuti mtanda waukulu wokutidwa ndi golide umene udali pamwamba pa Qubbatus Sakhra udagwetsedwa pansi, Asilamu akukweza takbir, Afaranji akulira. Koma chilipo china cholemera kuposa chithunzi cha mu filimu. Ena adauza Salahuddin kuti agumule tchalitchi cha Manda Oyera kuti Akhristu asadzakhalenso ndi chowakokera ku Jerusalem, ndipo maganizo amene adapambana adali otsatira chitsanzo cha Umar bin al-Khattab, Allah asangalale naye, yemwe adachisiya m'manja mwa eni ake. Chidatsekedwa masiku atatu n'kutsegulidwanso. Akhristu a m'dzikomo adaloledwa kukhala, ndipo Ayuda, omwe Afaranji adawaletsa kukhala mumzindawo, adabwerera.

Apa ndi pamene tikusiyana ndi Ridley Scott, ndipo kusiyanaku n'kwakukulu kuposa kwa masiku ndi ziwerengero. Mu filimu yake anthu abwino, kumbali zonse ziwiri, ndi amene chipembedzo sachigwiritsitsa. Balian ndi wokayika, ndipo Salahuddin waikidwa pafupi ndi shehe waukali amene akumukankhira ku nkhondo, kuti ife tione ngati kufatsa kwake kukuchokera pa kusamvera mashehe. Bahauddin Ibn Shaddad, Qadhi wa gulu lake lankhondo yemwe adakhala naye pafupi kuyambira 1188, akutionetsa munthu wina: wosaphonya swala ya pagulu ngakhale akudwala, wolira akamva Qur'an, woitanitsa kuti amuwerengere hadisi ali pa kavalo pakati pa magulu awiri a nkhondo. Adali wa madhhab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife kuno timatsatira, ndipo adamanga madrasa pafupi ndi manda a Imamuyo ku Cairo. Adalowa mu Jerusalem Lachisanu pa 2 October 1187, lomwe lidali 27 Rajab 583, tsiku limene Asilamu amakumbukira Isra ndi Mi'raj ya Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye. Adatsukitsa Mwala uja ndi madzi a maluwa onunkhira, naitanitsa mimbari ya Nuruddin kuchokera ku Aleppo. Kusunga kwake pangano ndi Heraclius kudachokera m'chikhulupiriro chomwecho chimene chidamutengera ku Hattin, ndipo nkhanza za pambuyo pa Hattin adazichita akukhulupirira kuti akuchitira chipembedzo. Tikawapatsa ana athu mbali yokoma yokha, tsiku lina adzamva mbali inayo kwa munthu wofuna kuwanyoza nayo. Tikawasiyira wa mu filimu, adzaganiza kuti Msilamu amakhala bwino ndi mnansi wake Mkhristu pokhapokha swala ikayamba kumuzirala. M'midzi yathu, momwe banja limodzi limakhala ndi wopita ku mzikiti ndi wopita ku tchalitchi, maganizo achiwiriwa ndi oopsa ngati oyambawo.

Mimbari ija idakhala mu Al-Aqsa zaka pafupifupi 800, mpaka pa 21 August 1969 pamene munthu wa ku Australia, Denis Michael Rohan, adayatsa moto mumzikitimo.

Filimu imatha Balian atabwerera ku France, Mfumu Richard ya ku England ikudutsa pakhomo pake kupita ku nkhondo. Balian weniweni sadachoke. Adali akadali m'dzikomo pamene Richard adalanda Acre mu 1191 ndi kupha akaidi achisilamu pafupifupi 2,700, ndipo adali mmodzi wa oyankhulira Afaranji pa pangano la mu September 1192, lomwe lidasiya Jerusalem m'manja mwa Asilamu ndi kulola Akhristu opanda zida kudzapemphera. Salahuddin adafuna kupita ku Hajj chaka chimenecho koma sizidatheke. Adamwalira ku Damascus pa 4 March 1193, ndipo Ibn Shaddad akuti mosungira chuma chake mudapezeka madirihamu 47 ndi dinari imodzi ya golide, moti ndalama zoyendetsera maliro zidachita kubwerekedwa.