NJERWA IMODZI IMODZI: ZA CIYAMBI CA MISYONI YA BLANTYRE

Pa nyengo ya cikondwerero monga ino kuyenera kuti ticeukire m'mbuyo, tione njira imene Mulungu anayendetsamo makolo athu, kuti ifenso tidziwe coyamika.

Misyoni ya Blantyre inayambika pa 23 October 1876. Bambo Henry Henderson, wotumidwa ndi Eklesia wa ku Scotland, ndiye anatsogola kufunafuna malo, ndipo womasulira mau wace anali Tom Bokwito. Anakonda malo a pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dziko la mfumu Kapeni. Ndipo malowo anachedwa Blantyre, ndilo dzina la mudzi umene anabadwira Dr. David Livingstone. Masiku amenewo anali oopsa, pakuti malonda a akapolo anali asanathe, ndipo ambiri amene anadzakhala pa Misyoni anali othawa. Ndiponso ciyambico sicinali cokoma conse ai. Ena a Azungu oyambawo anadziyesa oweruza mirandu, nalanga anthu ndi cikoti, kufikira Eklesia wa kwao anamva mbiriyo, nawacotsa pa nchito.

Mu 1881 anafika Mbusa David Clement Scott kudzakonza zimene zinaonongeka. Iyeyu anachera khutu ku cinenero ca anthu, nasonkhanitsa mau ao m'buku lalikuru la mau a Cimang'anja, limene linasindikizidwa mu 1892. Koma cimene tonse ticiona ndi maso kufikira lero ndico chalichi ca St Michael and All Angels, cimene anayamba kumanga mu 1888, nacipereka kwa Mulungu pa 10 May 1891.

Taonani mamangidwe ace. Mbusa Scott sanaphunzire nchito ya kumanga, ndipo amuna a m'midzi yino amene anagwira naye nchito anali asanamangepo nyumba yotere. Dothi analikumba pafupi pomwepo, naliponda ndi mapazi, naliumba m'zikombole za matabwa, naocha njerwazo ndi nkhuni. Pofuna kumanga mbali yobvuta, anayamba ayala njerwa zouma zopanda matope, kuti aone ngati zidzakhala bwino; zikakomera, pamenepo anazimanga ndithu. Momwemo khoma linakwera, njerwa imodzi imodzi, zaka zitatu. Munthu woponda dothi m'mamawa sanaone cina koma matope m'miyendo mwace ndi thukuta pamphumi pace. Koma popanda iye nyumbayo sikadaima.

Ndimo momwe anamangidwiranso Mpingo wa anthu. Mu 1894 Mbusa Scott anapatula madikoni asanu ndi awiri a dziko lino. Mwa iwo munali Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku, ndi John Gray Kufa, wothandiza odwala m'cipatala, amene anaphedwa ndi Boma mu 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe. Munalinso Harry Kambwiri Matecheta, amene pamodzi ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa mu 1911, nakhala abusa oyamba acikuda a Misyoni ino. Anthu amenewa anatumikira Mulungu ndi nchito ya manja ao: wina posanja zilembo, wina pomanga zironda, wina pophunzitsa ana a, e, i, o, u. Mu 1909 inatsegulidwa sukulu ya Henry Henderson Institute. Mu 1922 Buku Lopatulika lathunthu linafika m'manja mwa anthu. Ndipo mu 1924 Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana, nakhala Mpingo umodzi wa C.C.A.P., umene Nkhoma analowamo mu 1926.

Tsopano mudzi waung'ono uja wasanduka mzinda waukuru, ndipo ana a Mpingo afalikira ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Moyo wa kumeneko tiudziwa tonse. Mai alawira mbandakuca kukatunga madzi. Bambo ayenda pansi kunka ku nchito ku Makata kapena ku Limbe. Wina akhala tsiku lonse pa msika ndi dengu la tomato. Mwini nyumba afuna ndalama zace mwezi usanathe. M'menemo mtima ufooka, ndipo munthu ayamba kunena, Kodi Mulungu ali nako kanthu ndi moyo wanga wacabecabewu? Ena athamangira uku ndi uko kufuna zozizwa, nanyoza mkute umene uli m'mbale mwao.

Koma mbiri ya makolo athu itiphunzitsa mwina. Pamene namondwe wa Freddy anagwa mu March 2023, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, zinakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, ndipo otsala anathawira m'masukulu ndi m'machalichi. Amene anawacirikiza masiku oyambawo anali anansi ao, ndi kambale ka ufa, ndi citenje cakale, ndi manja okumba m'matope. Izi ndizo njerwa za nyumba ya Mulungu. Momwemonso amai a Mvano pokaceza kwa wodwala ndi pophika pa maliro, mkulu wa Mpingo poyanjanitsa banja, ndi ana a Mulungu posonkhana m'mlaga madzulo.

Cifukwa cace, inu alaliki ndi aphunzitsi a makalasi, musatope ndi ana khumi okhala pa mphasa, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo gawo lanu ndi lomwelo. Ndi inu nonse Akristu, podya nsima yanu madzulo, ingakhale ndiwo zace ndi bonongwe, yamikani Iye amene anasunga Mpingo uno ciyambire 1876. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.