Damu la Edwards ndi Chiphaso Chomwe Chinakanidwa

M'mawa wa pa 1 Julaye 1999 khamu la anthu linasonkhana m'mbali mwa mtsinje wa Kennebec mu mzinda wa Augusta, likulu la chigawo cha Maine, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la United States of America. Belu la tchalitchi china chapafupi litalira, chikatapila chinayamba kukumba chimulu cha miyala ndi dothi chomwe chinatsekereza madzi kumbali imodzi ya damu la Edwards. Poyamba madzi ankayenda pang'onopang'ono ngati mu ngalande ya m'dimba, koma posakhalitsa anakula mphamvu nakokolola chimulu chonsecho. Apa ndi pomwe panathera damu lomwe linatchinga mtsinjewo kwa zaka 162. Ngakhale amene anakumba anali makina, chinagwetsa damulo kwenikweni chinali chiphaso chomwe eni ake anapempha koma boma linawakaniza, litamva zomwe anthu wamba ananena kwa zaka pafupifupi khumi.

Azungu asanafike ku Maine, m'chigwa cha Kennebec munkakhala anthu a mtundu wa Abenaki, ndipo mtsinjewu unali nkhokwe yawo. Chaka chilichonse nyengo yozizira ikamatha, nsomba za m'nyanja ya mchere ya Atlantic zinkalowa mu mtsinje ndi kukwera kumtunda kukaikira mazira, monga momwe mpasa ndi sanjika zimachokera m'nyanja ya Malawi kukaswana m'mitsinje ngati Bua. Zina mwa nsombazi zinali salmon, shad, alewife ndi sturgeon, chinsomba chachikulu chomwe chimatha kutalika kuposa munthu. Moyo wa nsomba zoterezi umadalira ulendo umenewu. Njira ikatsekedwa, mtundu wonse umayamba kutha.

M'chaka cha 1834 nyumba ya malamulo ya Maine inaloleza kampani ina kumanga damu pa Augusta. Asodzi ndi anthu ena a m'mbali mwa mtsinje analemba makalata odandaula kuti usodzi udzafa, koma mawu awo anangopita ndi mphepo. Chomwe anapatsidwa chinali lonjezo lakuti padamupo padzakhala makwerero a nsomba, kutanthauza ngalande ya masitepe yomwe nsomba zimakwera polambalala chipupa. Damu linatha kumangidwa mu 1837. Analimanga ndi zipika za mitengo zoyalidwa ngati khola, m'kati nathiramo miyala, ndipo linali lotalika mamita pafupifupi 280 kuchoka tsidya lino kufika tsidya lina, msinkhu wake mamita oposa 7. Makwerero aja anamangidwadi, koma madzi osefukira anawakokolola posakhalitsa, ndipo eni damu sanalabadire zowabwezeretsa. Zomwe asodzi ankaopa zinachitika.

Kungakhale kulakwa kunena kuti damulo linalibe phindu. Madzi ake ankayendetsa makina ochekera matabwa, ndipo pambuyo pake anayendetsa fakitale yaikulu yowomba nsalu za thonje, yomwe kuyambira mu 1882 inali m'manja mwa kampani ya Edwards Manufacturing. Mabanja ambiri, makamaka olankhula Chifalansa ochokera ku Canada, anadya ndi kuphunzitsa ana awo kuchokera pa fakitaleyi. Mu 1913 damulo linayamba kupanga magetsi. Pa nthawiyo nkhani ya nsomba inali itaiwalika, pakuti mtsinje unali utasanduka dzala: mafakitale a mapepala ankatayiramo zonyansa, mizinda inkathiramo za m'zimbudzi, ndipo zipika zinkayandamitsidwa pamadzi kupita kumakina. Zinthu zinayamba kusintha ndi lamulo loteteza madzi la 1972, lomwe analilimbikira kwambiri anali phungu wa ku Maine komweko, Edmund Muskie, komanso pamene kuyandamitsa zipika kunaletsedwa itatha nyengo ya 1976. Madzi atayamba kuyera, nsomba zinayambanso kubwera kuchokera kunyanja, koma zinkangothera patsinde pa damu.

Apa m'pofunika kufotokoza za chiphaso. Ku America, malinga ndi lamulo la 1920, mtsinje si wa kampani. Kampani yofuna kupanga magetsi imangobwerekedwa madziwo kwa zaka za pakati pa 30 ndi 50, ndipo nthawiyo ikatha iyenera kupemphanso. Kuyambira mu 1977 ziphasozi zimaperekedwa ndi bungwe la boma lotchedwa Federal Energy Regulatory Commission, mwachidule FERC. Kwa zaka zambiri kupempha chiphaso chatsopano kunali ngati mwambo chabe, chifukwa bungwelo linkayang'ana za magetsi basi. Koma mu 1986 nyumba ya malamulo ya dziko lonse inasintha lamulo, nilamula kuti poweruza pempho lililonse, bungwelo lizilingalira mofanana za magetsi, za nsomba ndi nyama, za malo osangalalira anthu ndi za chilengedwe chonse. Malamulo amaperekanso mwayi woti munthu kapena gulu lililonse lokhudzidwa lilembetse ngati mbali ya mlandu, lione zikalata zonse, lipereke umboni, ndipo likapanda kukhutira lichite apilo.

Chiphaso cha damu la Edwards chinkayenera kutha mu 1993. Pofika nthawiyi fakitale ya nsalu inali itatsekedwa, ndipo nyumba zake zinapsa ndi moto mu 1989. Chinatsala ndi damu lokha, lopanga magetsi okwana mamegawati 3.5, omwe anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a magetsi a chigawo cha Maine. Magetsi ochepawa ankagulitsidwa pa mtengo wokwera kwambiri kuposa wa pamsika chifukwa cha mgwirizano wakale, motero eni damu anali ndi chifukwa chomveka cholikakamirira. Mu 1991 anapempha chiphaso chatsopano, nanenanso kuti akufuna kuonjezera makina kuti magetsi achuluke kuposa katatu.

Anthu ofuna kuti mtsinje utsegulidwe sanadikire kuti pempholi lifike. Mu 1989 mabungwe anayi, American Rivers, Atlantic Salmon Federation, Natural Resources Council of Maine ndi Trout Unlimited, anapanga mgwirizano wotchedwa Kennebec Coalition. Ambiri mwa oyambitsa nkhaniyi anali anthu wamba okonda kuwedza ndi mbedza pa masiku opuma. Poyamba anthu ankawaseka, popeza bungwe la FERC linali lisanalamulepo kuti damu logwira ntchito ligwetsedwe eni ake asakufuna. Iwo anadziwa kuti kufuula pamsonkhano sikungasunthe bungwe lomwe limaweruza poona zolembedwa. Choncho anafuna akatswiri a nsomba, a zomangamanga ndi a malamulo, nafufuza m'mabuku akale kuti asonyeze komwe nsomba zinkafika damu lisanamangidwe. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'kupita kwa nthawi boma la Maine ndi nthambi za boma lalikulu zoyang'anira nsomba zinagwirizana nawo.

Komabe si anthu onse a ku Augusta amene anali mbali imeneyi. Khonsolo ya mzinda inalowa nawo m'chiphaso pamodzi ndi kampani, chifukwa inkalandira gawo la ndalama za magetsi. Ena okhala kumtunda kwa damu ankaopa kuti madzi akaphwa padzatsala matope onunkha ndipo malo awo adzatsika mtengo. Enanso ankaona damulo ngati chikumbutso cha makolo awo omwe anakalambira m'fakitale. Awanso anali anthu, ndipo analankhula pa misonkhano yomweyo. Mawu akuti "maganizo a anthu" amanyenga, chifukwa anthu sakhala ndi maganizo amodzi.

Chaka cha 1996 chinali chowawa kwa a mgwirizano uja. Akatswiri a FERC anatulutsa lipoti loyamba lounika momwe damulo limakhudzira chilengedwe, ndipo anati chiphaso chiperekedwe, bola kampani imange njira yodutsira nsomba. Lipoti lotere limayamba laperekedwa kwa anthu kuti aikepo ndemanga lisanatsimikizidwe. A Kennebec Coalition anayankha ndi masamba pafupifupi 7,000. Mfundo yawo yaikulu inali yosavuta kumva: nsomba zina, monga sturgeon, sizikwera makwerero ngakhale amangidwe mwaluso lotani, choncho ndalama zikanaonongeka koma nsombazo zikanatsalabe kumunsi. Anasonyezanso kuti mtengo wogwetsera damu unawerengedwa mokweza. Akatswiri aja anawerenganso masamu awo, ndipo mu lipoti lomaliza la 1997 anatembenuka, navomereza kuti kumanga njira ya nsomba kukanadya ndalama zoposa zogwetsera damu lonselo. Si kawirikawiri kuti ofesi ya boma ivomere poyera kuti inaphonya, ndipo pa ichi akatswiriwo ayenera kuyamikiridwa.

Pa 25 Novembala 1997 akuluakulu a FERC anaponya voti, awiri kuvomereza mmodzi kukana, ndipo anakana kupereka chiphaso nalamula kuti damu ligwetsedwe. Kampani ndi khonsolo anakonzeka kukatsutsa chigamulochi, ndipo mlandu ukanatha kutenga zaka zina zambiri. Chinathetsa nkhaniyi ndi kukambirana. Mu 1998 mbali zonse zinagwirizana kuti damu liperekedwe ku boma la Maine, ndipo ndalama zogwetsera ndi zobwezeretsera nsomba, madola 7.25 miliyoni, zichokere kwina. Kampani yopanga sitima zapamadzi ya Bath Iron Works inapereka madola 2.5 miliyoni ngati chipepeso pa malo a nsomba omwe inkafuna kukwirira pokuza doko lake kumunsi kwa mtsinje. Zotsalazo zinaperekedwa ndi eni madamu a kumtunda, omwe posinthana anapatsidwa nthawi yoonjezera asanamange njira za nsomba pa madamu awo. Chigwirizanochi chinali ndi mtengo wake, pakuti chinachedwetsa kumtunda zomwe chinafulumizitsa kumunsi.

Damu litachoka, makilomita 27 a mtsinje, kuchokera ku Augusta kufika ku Waterville, anatseguka. Matope omwe anthu ankaopa anamera udzu m'miyezi yochepa. Sturgeon zinayamba kuoneka zikudumpha m'madzi pakati pa mzinda, ndipo pamalo pomwe panali fakitale anakonzapo paki. Mu 2008 damu la Fort Halifax pa mtsinje wa Sebasticook, womwe umathira mu Kennebec, linagwetsedwanso, ndipo patangopita zaka zochepa nsomba za alewife zowerengedwa pa Benton Falls zinkaposa mamiliyoni awiri pa chaka. Za salmon zokha sizinayende bwino chomwecho, chifukwa malo ake abwino oswanirana ali mu mtsinje wa Sandy, kuseri kwa madamu ena anayi. Kwa zaka zambiri salmon zochepa zofika pa damu la Lockwood ku Waterville zinkagwidwa ndi kunyamulidwa pa galimoto kukatulidwa kumtunda. Chiphaso cha limodzi la madamu anayiwo, la Shawmut, chitafika pounikidwanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, asodzi, ogwira ntchito pa fakitale ya mapepala yodalira madzi a damulo, ndi akuluakulu a mizinda anasonkhananso, aliyense atanyamula zikalata zake.