Buluu wa Yves Klein ndi Mthunzi Wotsala pa Pepala

Aliyense amene anakulira pakhomo pomwe malaya oyera a kusukulu ankatsukuluzidwa ndi kabuluu kaja komangidwa m'kansalu anaugwirapo kale ufa umene ndikunena pano. Dzina lake ndi ultramarine. Kwa zaka mazana ambiri unkachokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa m'mapiri a Badakhshan ku Afghanistan, ndipo ku Ulaya unali wodula kwambiri moti akatswiri ambiri ojambula ankausungira chovala cha Mariya. Mu 1828 Jean-Baptiste Guimet wa ku France analandira mphoto atapeza njira youpangira m'fakitale. Mtengo unatsika, ndipo utoto wa mafumu unatsikira m'beseni lochapira. (Ife omasulira mtundu umenewu umatipatsa ntchito. Tikati "wobiriwira" maganizo a wowerenga amathamangira ku masamba, n'chifukwa chake tinangobwereka mawu akuti buluu.)

Yves Klein, amene anabadwira ku Nice mu 1928, anaukonda ufawu uli wouma. Chinkamupweteka mtima n'chakuti akangousakaniza ndi mafuta kuti umate, kuwala kwake kunkazima ngati makala othiridwa madzi. Ili ndi vuto lakalekale la aliyense wojambula ndi ufa: ukausiya wouma mphepo ikutengera, ukaumata wafa. Mothandizidwa ndi Edouard Adam, wogulitsa utoto ku Montparnasse mu Paris, anapeza ulimbo wosaoneka wotchedwa Rhodopas, umene umagwira fumbilo osalimiza. Mu May 1960 anakalembetsa kasakanizidwe kameneka, ndipo dzina la utotowo ndi International Klein Blue. Ambiri amati anagula mtundu wa buluu, koma zoona zake n'zakuti analembetsa kaphikidwe chabe.

Chaka chomwecho anapita ndi mapepala ake m'mbali mwa mtsinje wa Loup ku Cagnes-sur-Mer. Ankaika mabango papepala, n'kupopera buluu pamwamba pake. Akachotsa bango pankatsala mzere woyera, pamene utoto sunafike. Imeneyi ndi ntchito ya sitensulo, monga amachitira wolemba zikwangwani akamapopera penti pa kalata yoboola kuti manambala atuluke pathumba kapena paminibasi. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemba zikwangwani amafuna chimene chadutsa pabowo, pamene Klein ankafuna malo amene atchingidwa. Zotuluka zake si chithunzi cha bango ayi. Ndi mizere, madontho ndi nkhungu ya buluu, zosafanana ndi chinthu chimene mungachitchule dzina.

Njirayi sanaiyambitse ndi iye. M'mapanga a pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia muli chizindikiro cha dzanja chimene akatswiri analengeza mu 2014 kuti chatha zaka zosachepera 39,900. Munthu anatsamiritsa chikhatho pathanthwe, n'kuuzira utoto wofiira mozungulira, kenako n'kuchotsa dzanja. Chimene timaona lero ndi malo pamene panali dzanjalo.

Klein anachita chimodzimodzi ndi matupi athunthu a anthu, ndipo apa m'pamene mbiri yake imandivuta. Pa 9 March 1960, pamaso pa alendo ovala bwino ku Paris, atsikana atatu osavala anadzipaka buluu n'kumadzidinda pamapepala akuluakulu, oimba akuliza liwu limodzi losasintha, mwiniwake ali chilili mu suti yakuda akulamula. Ankawatcha maburashi amoyo. Thupi linali lawo, kuzizira kwa utoto kunali kwawo, koma dzina pansi pa chithunzi ndi lake. Sindikuona chifukwa chobisira zimenezi pofuna kuteteza kukongola kwa ntchitoyo.

Komabe pali chithunzi chimodzi chimene sindingachikane. Klein anakhala ku Japan mu 1952 ndi 1953 akuphunzira judo, patangopita zaka zochepa bomba la atomiki litagwa ku Hiroshima. Kumeneko kuwala kwa bombalo kunayeretsa masitepe a mwala a banki ina, kusiya mdima pamene panakhala munthu. Thupi la munthuyo linagwira ntchito ya sitensulo kwa kamphindi, iye n'kufa. Cha mu 1961 Klein anapanga chithunzi chotchedwa Hiroshima, chomwe lero chili ku Menil Collection mumzinda wa Houston. Matupi aja sanadindidwe mwamphamvu ngati poyamba. Buluu wapoperedwa mowazungulira, ndipo iwo akuoneka ngati utsi wotuwa, manja ali m'mwamba, nkhope palibe.

Klein anamwalira ndi matenda a mtima pa 6 June 1962 ali ndi zaka 34. Ulimbo wa Adam ukugwirabe, koma pang'ono pokha: chala chimodzi chikakhudza buluuyo chimasiya banga lovuta kukonza, n'chifukwa chake zithunzi zake zambiri timaziona kuseri kwa galasi.