Joney Lowney, mayi amene ana amamuimba pa Hop-tu-Naa

Zaka zoposa 300 zapita kuchokera pamene Joney Lowney, mayi wa ku Braddan pachilumba cha Isle of Man, anaonekera pabwalo la milandu la tchalitchi ku Bishopscourt. Munali mu 1715 ndi 1716, m'masiku a Bishopu Thomas Wilson, ndipo mlandu wake unali wa ufiti. Chachikulu chimene ankamunenera n'chakuti anaimitsa chigayo cha ku Ballaughton ndi matsenga. Anam'gamula kuti akakhale m'ndende masiku 14, alipire chindapusa cha mapaundi atatu, ndiponso aimirire pamitanda ya m'misika inayi atavala chiguduli, aliyense wodutsa azimuyang'ana. Anachita mwayi kuti sanaphedwe, chifukwa mu 1617 mayi wina anatenthedwa pamodzi ndi mwana wake wamwamuna ku Castletown pa mlandu wa ufiti. Joney anamwalira mu 1725 ndipo anaikidwa ku Old Kirk Braddan.

Lero dzina lake lenileni amalidziwa ndi ochepa, koma palibe mwana wa pachilumbachi amene sadziwa Jinny the Witch (Jinny mfiti), dzina limene anthu amati linachokera kwa mayiyu. Usiku wa pa 31 Okutobala, pa chikondwerero cha Hop-tu-Naa, ana amayenda khomo ndi khomo akuimba za iye, eni nyumba n'kumawapatsa maswiti kapena tindalama. M'manja amanyamula nyali zosema kuchokera ku turnip, osati maungu monga amachitira ku America. Turnip ndi yolimba, kuikumba m'kati n'kutuluka matuza, koma Amanx, anthu a pachilumbachi, saimva zosintha.

Kale usikuwu unkatsekera chaka. Zokolola zinali zitalowa, phwando la Mheillea litadyedwa (masiku ano pa Mheillea amagulitsa zakumunda mopikisana mitengo, ndalama n'kupita kothandiza ovutika), ndipo kuzizira kunali pakhomo. Anthu ankafuna kusuzumira chaka chikubweracho. Atsikana ankaphika soddag valloo, kamkate kosakaniza ufa, mazira ndi makoko ake omwe, mchere ndi mwaye, wina aliyense ali chete. Akadya ankalowera pogona chafutambuyo kuti alote mwamuna wodzawakwatira. Ena ankasalaza phulusa pamoto asanagone. M'mawa akapeza phazi loloza kukhomo, ankadziwa kuti m'nyumbamo mutuluka maliro. Likaloza m'kati, banja likula.

Apa mpamene nkhani ya Joney imandiwawa. Zomwe anthu onse ankachita m'nyumba zawo usiku umenewu, kuombeza ndi phulusa ndi maloto, zinali mwambo wosangalatsa. Koma Joney anavekedwa chiguduli pamsika, ndipo mpaka pano amakumbukiridwa ndi dzina loti mfiti limene omuneneza anam'patsa. Sindikuti ana aleke kuimba, ayi. Nyimboyo ndi imene yasunga mayiyu pamene oweruza anzake a bishopu anaiwalika kalekale. Koma amene amaphunzitsa ana nyimboyo aziwauzanso kuti Jinny anali munthu, wokhala ndi mudzi ndi dzina.

Mlendo wofuna kuona zonsezi apite ku Cregneash, kamudzi ka kummwera ka nyumba zofolera udzu, komwe malo osungirako chikhalidwe anatsegulidwa mu 1938. Bungwe la Manx National Heritage limakonzako tsiku la Hop-tu-Naa: ana amasema turnip, amaphunzira gule wake ndi nyimbo, zina m'chinenero cha Chimanx chimene Ned Maddrell, womaliza mwa amene anachiyamwira, anakulira akulankhula m'mudzi womwewu. Nyimboyo imasiyana tauni ndi tauni, choncho ya ku Peel musaiyese yolakwika mukaimva mutazolowera ya ku Douglas. Ndipo mukachoka ku Douglas kulowera njira ya ku Peel, Old Kirk Braddan ili pafupi ndi msewu, tchalitchi chakale chosunga mitanda yamiyala ya m'nthawi ya Aviking. Ndi malo oyenera kupatukirako masana, ana asanayatse nyali zawo.