Mbiri ya Pulagi ya Galimoto

Galimoto ikakana kulira m'mawa, chinthu chimodzi chimene makanika amayamba kumasula ndicho pulagi. Kanthu kameneka nkakang'ono, koma popanda iko injini ya petulo singagwire ntchito. Ntchito yake ndi imodzi: kutulutsa mbaliwali ya moto m'kati mwa silinda, kuti petulo wosanganizika ndi mpweya ayake ndi kukankha pisitoni. Injini ya galimoto ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, pulagi iliyonse imathetheka ka 25 pa sekondi. Pokhala kuti imakhala pakati pa moto wotere, vuto lalikulu la opanga mapulagi kuyambira pachiyambi linali kutentha.

M'chaka cha 1860, mu mzinda wa Paris, Étienne Lenoir anapanga injini yoyendera gasi wa malasha, yemwe uja anali kuyatsira nyali za m'misewu. Gasiyo anali kumuyatsa ndi mbaliwali yochokera ku batire. Nzeru inali yabwino, koma mabatire a masiku amenewo anali kutha msanga. Chotero m'chaka cha 1883, Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach a ku Germany anatsata njira ina. Iwo analowetsa kachubu m'silinda, nakatenthetsa ndi lawi lamoto cha kunja kufikira katafiira. Injini inayenda, koma mphepo inali kuzimitsa lawilo panjira, ndiponso lawi loyaka pafupi ndi petulo linali kuyambitsa ngozi za moto.

Amene anabwezera anthu ku mbaliwali ndi Robert Bosch, yemwe anatsegula nyumba yake ya ntchito ku Stuttgart mu 1886. Iye anali kupanga magineto, ndiwo makina amene amadzipangira magetsi injini ikamazungulira, osafuna batire. Mu 1902 mmisiri wake, Gottlob Honold, anapanga magineto ya mphamvu yaikulu, yokhoza kulumphitsa magetsi pa mpata wa pakati pa timawaya tiwiri ta kunsonga kwa pulagi. Umu ndimo pulagi imagwirira ntchito kufikira lero, ngakhale kuti magetsi ake tsopano amachokera ku batire kudzera mu koyilo.

Koma panatsala vuto. Waya wa pakati pa pulagi uyenera kukutidwa ndi chinthu chosalola magetsi kuthawa. Poyamba anali kuukuta ndi dongo lowotcha, longa la makapu a tiyi, ndipo linali kung'aluka likatentha ndi kuzizira motsatizana. Ku England, nkhondo ya 1914 itayandikira, Kenelm Lee Guinness, mkulu wochita mipikisano ya galimoto, anatopa ndi mapulagi omufera pakati pa mpikisano, nayamba kupanga ake ndi mica, mwala wonyezimira umene umasendeka ngati mapepala. Mapulagi amenewa anatchedwa KLG, ndipo anagwira ntchito m'ndege za nkhondo. Ku America, a kampani ya Champion anapeza mwala wina wopirira moto pamwamba pa mapiri a ku California, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anali kuutsitsa pamsana pa nyulu. Vutoli linatha m'zaka za m'ma 1930, pamene amisiri anaphunzira kuumba chokutiracho ndi alumina. Ndicho chinthu choyera chija chimene chimaoneka pa pulagi.

M'zaka zonsezi amisiri anaphunzira chinthu china chimene mwini galimoto aliyense ayenera kudziwa. Pulagi siyenera kuzizira kwambiri, siyeneranso kutentha kwambiri. Nsonga yake ikapanda kufika pa madigiri pafupifupi 450, mwaye sukupsa, umaunjikana, ndipo magetsi amatsata mwayewo m'malo molumpha pa mpata. Ikapitirira madigiri 850, nsongayo imayatsa petulo nthawi yake isanakwane, monga chinali kuchitira kachubu ka Daimler, ndipo moto wotere ukhoza kuboola pisitoni. Popeza injini zimasiyana katenthedwe, opanga anayamba kupanga mapulagi ena otaya kutentha msanga ndi ena osunga kutentha, nalemba nambala pa iliyonse. Nambalazi sizifanana m'makampani onse. Kwa a NGK nambala yaikulu itanthauza pulagi yozizira, pamene kwa a Bosch itanthauza yotentha. Nchifukwa chake munthu wogula pulagi poyang'ana maonekedwe okha amadziika pa ngozi. Nambala yoyenera imalembedwa m'buku la galimoto, pamodzi ndi kukula kwa mpata, umene m'galimoto zambiri umakhala pakati pa mamilimita 0.6 ndi 1.1.

Nawonso petulo anasintha moyo wa pulagi. Kuyambira 1923, ku America anayamba kugulitsa petulo wothira mtovu, ndipo anafalikira pa dziko lonse. Mtovuwo unali kumatirira pa nsonga, kotero kuti kutsuka mapulagi ndi kukonza mpata wake inali ntchito ya kawirikawiri m'magalaja. Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara analeka petulo wotere pofika kuchiyambi kwa 2006, ndipo dziko lomaliza, la Algeria, linaleka mu 2021. Petulo wopanda mtovu, pamodzi ndi nsonga za platinum ndi iridium, zachititsa kuti mapulagi ena ayende makilomita 100,000 osasinthidwa. Nsonga zimenezi nzowonda kwambiri, ndipo siziyenera kupalidwa ndi sandipepa monga anali kuchitira amakanika akale.

Koma luso limodzi la amakanika akalewo likadali ndi ntchito, ndilo kuwerenga pulagi. Nsonga yotuwa kapena yofiirira pang'ono isonyeza kuti injini ili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma isonyeza kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya, kapena kuti pulagiyo njozizira. Yonyowa ndi oyilo isonyeza kuti oyilo akulowa m'silinda, ndipo kugula pulagi ina sikungachize nthenda imeneyo. Yoyera mbuu, yokhala ndi timatuza, isonyeza kutentha koopsa, ndipo galimoto yotere iyenera kuonedwa isanayendenso ulendo. Makanika wosamala amamasula pulagi injini itazizira, ndipo pobwezera amayamba kuizunguliza ndi dzanja kufikira itakhala bwino, sipanala nkubwera pambuyo.