Kuchokera kwa Nkhoswe Kufika kwa Loya wa Boma: Mbiri ya Oimira Amphawi pa Milandu ya Banja m'Malawi

Kale banja likagwedezeka pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, woyamba kumva anali nkhoswe. Ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi ndiwo ankamanga ukwati, ndiwonso ankaukonza ukafika pamavuto. Zikakanika ankaperekeza eniake kubwalo la mfumu. Lero mayi amene wapirikitsidwa m'nyumba ku Ndirande kapena ku Kawale atha kukagogoda pa ofesi ya Legal Aid Bureau, nakapeza loya wolipidwa ndi boma. Nkhani ino ikulondola njira imene dziko ladzera kuchoka kwa nkhoswe kufika kwa loyayo.

Atsamunda a ku Britain ndiwo anagawa ukwati panjira ziwiri. M'chaka cha 1902 anakhazikitsa lamulo la ukwati wolembetsa kuboma, ndipo mu 1905 anawonjezera la kathetsedwe kake. Ukwati wotere unkatha pabwalo lalikulu lokha, kumene kunkalankhulidwa Chingerezi. Maukwati a chikamwini, a chitengwa ndi a malowolo anatsalira m'manja mwa ankhoswe ndi mafumu, amene mabwalo awo anavomerezedwa ndi lamulo mu 1933. Choncho loya ankayenda njira ina, anthu ochuluka akuyenda inanso.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linakhazikitsa lamulo lothandiza amphawi pamilandu, nilitsegula nthambi yake mu unduna wa zachilungamo. Nthambiyi inali ya maloya owerengeka okhala m'tauni, pamene milandu ya banja ya anthu wamba inkaweruzidwa m'mabwalo a miyambo, momwe loya sankaloledwa kuimira munthu. Mu 1969 mabwalowa anapatsidwa mphamvu yozenga ngakhale milandu yakupha. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, onse awiri maloya ophunzira ku London, anaweruzidwa kuti aphedwe ndi bwalo lotere mu 1983 popanda wowaimira. Ngati akadaulo a malamulo anaima okha chotero, nanji mayi wamasiye wa kumudzi?

Mayi wotereyu lamulo lenilenilo silinkamukomera. Lamulo la chuma cha masiye la mu 1967 linkati mwamuna wa ukwati wa chikamwini akamwalira osasiya wilo, mkazi, ana ndi ena odalira malemuyo alandire magawo awiri mwa asanu, atatu otsalawo apite kwa oyenera kulowa chuma mwamwambo. Pa ukwati wa malowolo chuma chinkagawidwa pakati. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itayamba kupulula anthu, kulanda chuma cha masiye kunafika posauzana, mwakuti mu 1998 Nyumba ya Malamulo inagamula kuti mchitidwewu ukhale mlandu.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 anasintha maziko. Gawo 22 linavomereza maukwati onse, kuphatikizapo a mwambo ndi ongolowana, ndipo gawo 24 linapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la chuma chimene anali nacho pamodzi ndi mwamuna banja likatha. Mabwalo a miyambo analeka kugwira ntchito, milandu yawo nigwera amajisitireti. Komabe maloya a boma ochepawo ankatanganidwa ndi milandu yakupha, choncho mpatawo anautseka ndi mabungwe omwe si aboma. Malawi CARER, limene anayambitsa Vera Chirwa atatuluka m'ndende mu 1993, ndi nthambi ya m'Malawi ya Women and Law in Southern Africa anafikitsa uphungu wa malamulo kwa amayi amene sanaonepo loya chibadwire.

Kenaka malamulo anabwera motsatizana: loteteza anthu ku nkhanza za m'banja mu 2006, losamalira ana mu 2010, latsopano la chuma cha masiye mu 2011, ndi la ukwati ndi kutha kwa banja mu 2015. Mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anakonzedwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana, wosayenera kulowa m'banja. Lamulo lina la mu 2011 linachotsa nthambi ija mu unduna n'kukhazikitsa Legal Aid Bureau, bungwe loima palokha limene linayamba ntchito mu 2015.

Ntchito ya loya wa m'bungweli pamilandu ya banja njosaoneka ulemerero. Amapempha bwalo kuti liletse mwamuna wankhanza kuyandikira mkazi wake, amalondola ndalama za chisamaliro cha ana, amawerengetsa malata ndi mbuzi za malemu. Kawirikawiri asanayambe zonsezi amayenera kutsimikiza kuti ukwati unalipodi. Lamulo la mu 2015 limafuna kuti ongolowana akhale atakhala limodzi zaka zosachepera zisanu, ndipo pa ukwati wa mwambo wopanda kalata, mboni yodalirika imakhala nkhoswe yomwe ija. Apa njira ziwiri za mu 1902 zimakumana patebulo limodzi.

Koma awiriwa ntchito yawo si imodzi. Nkhoswe imaimira mbumba, ndipo chimene imafuna n'chakuti ukwati upitirire. Loya amaimira munthu mmodzi, ngakhale zofuna za munthuyo zitasemphana ndi za abale ake. Kwa mkazi womenyedwa amene wauzidwa kangapo kuti banja n'kupirira, kusiyana kumeneku kutha kupulumutsa moyo. Komanso nkhoswe ipezeka m'mudzi uliwonse, pamene loya amafuna ndalama ya basi. N'chifukwa chake mu 2021 panabuka mtsutso pamene Legal Aid Bureau inapempha kuti othandizira maloya aziloledwa kuimira anthu m'mabwalo aang'ono, bungwe la maloya la Malawi Law Society n'kukana.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Koma ana oyembekezera chisamaliro amakula, ndipo katundu wa masiye amagulitsidwa mlandu usanalowe m'bwalo. Ufulu umene unalembedwa mu 1994 umafika kwa mayi wa kumudzi pokhapokha patapezeka munthu womuimira nthawi ikadalipo.