Kirediti

Liwu lakuti kirediti tidabwereka ku Chingerezi, koma muzu wake uli m'Chilatini: credere, kutanthauza kukhulupirira. Nchifukwa chake kubanki kirediti ndi ngongole: amakupatsa ndalama pokhulupirira kuti udzabweza.

Mwana wa Folomu 4 amalidziwa mwamtundu wina. Pa mayeso a MSCE, kirediti ndi mapointi 3 mpaka 6 pa phunziro. 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, pomwe 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Wofuna malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo wofuna za sayansi asanyozere masamu.

Akangolowa pachipata cha koleji, liwu lija limasintha nkhope. Kumeneko kirediti si kakhozedwe kokha ayi, komanso ndi muyeso wa ntchito, ngati mbale yoyezera nyemba pamsika. Kosi iliyonse ili ndi kulemera kwake. Ku South Africa kirediti imodzi imaimira maola 10 ophunzira: a m'kalasi, a mu labu pakati pa mabotolo a asidi, ndi a usiku uli wekha ndi buku. Digiri ya BSc ya zaka zitatu imafuna makirediti 360. M'mayiko ambiri a ku Ulaya chaka chimodzi ndi makirediti 60, pomwe ku America digiri ya zaka zinayi imakwana ndi pafupifupi 120.

Ukalakwa kosi, makirediti ake sulandira, ngakhale udafunditsa mpando semesita yonse. Ikakhala kosi yokakamiza, digiri imakudikira mpaka uibwereze.